Kapitawo wa Maphukusi

Munthu wa ku Kasungu sachita kuuzidwa za William Kamkwamba, mnyamata wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe amene fizi itasowa pa njala ya 2001 ndi 2002 anasiya sukulu n'kumanga makina amphepo opanga magetsi pakhomo pa makolo ake. Chimene ambiri sitichiganizira n'chakuti pa makina onse aja panalibe chitsulo chimene iye anasula yekha. Fani inali ya thirakitala, felemu inali ya njinga ya bambo ake, dayinamo inali yogula, mapaipi apulasitiki anawawongola pamoto. Zambiri anakazitola pa dzala la zitsulo za esiteti ya fodya pafupi ndi sukulu ya Kachokolo. Luso lake linali kudziwa kuti ichi chilumikizana ndi ichi, ndipo zikalumikizana babu liyaka.

Wopanga mawebusayiti masiku ano amagwira ntchito mofananamo. Salemba zonse yekha. Amatola zidutswa za pulogalamu zimene ena analemba kale n'kuziika poyera kuti aliyense atenge ulere, iye n'kulemba kagawo kolumikiza zidutswazo ndi ntchito imene wapatsidwa. Kusiyana kwake kuli pa mfundo imodzi, ndipo nkhani ino ikukamba za pomwepo. Fani ya thirakitala ukaitola lero, chaka chamawa idzakhala fani yomweyo. Chidutswa cha pulogalamu chili ndi mwini wake amene akuchikonzabe kwinakwake, ku Berlin kapena ku Bangalore, ndipo mawa m'mawa akhoza kutulutsa china chosiyana ndi chimene unatola dzulo.

Akatswiri amazitcha zidutswazi ma package. M'Chichewa mawu oti phukusi akukwana bwino: kanthu komangidwa kale, kokhala ndi dzina pamwamba, kamene umalandira osaona zonse za m'kati.

Tiyerekeze gulu la alimi a fodya ku Santhe kapena ku Chamama limene lalemba ntchito mnyamata wa ku koleji kuti awapangire webusayiti yosungirapo mayina a mamembala, feteleza amene aliyense watenga pa ngongole, ndi mabelo amene atumizidwa ku okushoni ya Chinkhoma. Mnyamatayo akufuna kuti mlembi wa gulu azilowa ndi pasiwedi, kuti madeti azioneka bwino, kuti mlimi azilandira uthenga pa foni belo lake likagulidwa. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi phukusi lake lopangidwa kale. Atenga mwina 15 kapena 20. Koma phukusi lililonse nalo linamangidwa pa maphukusi ena, enawonso pa ena, ngati mlimi amene wabwereka ngolo kwa mnansi, pomwe mnansiyo anabwereka ng'ombe kwa mlamu wake, mlamuyonso goli si lake. Pomaliza mnyamata uja apeza kuti mu kompyuta mwake mwalowa maphukusi mazanamazana, olembedwa ndi anthu amene sadzawaona, ndipo ambiri mwa maphukusiwo sanawasankhe ndi iye.

Palibe munthu angalondole katundu wochuluka chotere ndi mutu wake. N'chifukwa chake pali pulogalamu ina imene ntchito yake ndi kukatenga maphukusi, kuwawerenga, kuona kuti akugwirizana ndi kulemba zonse m'kaundula. Dzina lake ndi package manager, koma aliyense amene anagwirapo ntchito pa esiteti amudziwa munthu ameneyu: ndi kapitawo. Pafupifupi chiyankhulo chilichonse cha kompyuta chili ndi kapitawo wake. Olemba JavaScript ali ndi npm, amene Isaac Schlueter anamutulutsa mu 2010, patangopita chaka Ryan Dahl atapanga Node.js, pulogalamu imene npm imayendera. Lero nkhokwe ya npm ili ndi maphukusi oposa 2 miliyoni, ndipo kuyambira 2020 ili m'manja mwa GitHub, kampani ya Microsoft. Facebook ndi anzake anatulutsa Yarn mu 2016 chifukwa npm ya nthawi imeneyo inkawachedwetsa. A PHP ali ndi Composer, a Python ali ndi pip, a Ruby ali ndi Bundler. Ruby si yachilendo kuno: makina ogwira pa sikirini amene Baobab Health Trust ya ku Lilongwe inaika m'zipatala zambiri za boma, makamaka kolandirira ma ARV, anamangidwa pa Ruby on Rails.

Kapitawo amayendera manambala. Phukusi lililonse limatuluka ndi nambala ya magawo atatu, monga Express 4.17.1. Dongosolo la manambalawa analilemba ndi Tom Preston-Werner, mmodzi mwa oyambitsa GitHub, ndipo ndi lonjezo la mwini phukusi kwa olitenga. Nambala yakumapeto ikakwera, 4.17.1 n'kukhala 4.17.2, mwini wake akunena kuti wangotseka kabowo. Yapakati ikakwera, wawonjezera zatsopano koma zakale zikugwirabe ntchito monga kale. Yoyamba ikakwera, 4 n'kukhala 5, akuchenjeza kuti wagwetsa khoma, ndipo amene anatsamiritsa denga lake pakhomalo akonzeke. Mu fayilo yotchedwa package.json, momwe wopanga webusayiti amalemba maphukusi amene akufuna, kawirikawiri kutsogolo kwa nambala kumakhala kachizindikiro konga denga la nyumba, ^4.17.1, kutanthauza kuti kapitawo ali ndi ufulu wotenga chilichonse chatsopano bola nambala yoyamba ikhalebe 4.

Lonjezo limeneli ndi la munthu, ndipo munthu amalakwitsa. Wina amakweza nambala yakumapeto akuganiza kuti wangotseka kabowo pamene wathyola mtanda. Apa ndi pamene panabadwira fayilo yachiwiri, imene kwa ine ndi yofunika kuposa ina iliyonse mu ntchito yonseyi: lock file. Ku npm imatchedwa package-lock.json ndipo inabwera mu 2017, ku Composer ndi composer.lock, ku Ruby ndi Gemfile.lock. M'menemo kapitawo amalemba nambala yeniyeni ya phukusi lililonse limene lalowa, ngakhale aja obwera kudzera kwa mlamu wa mnansi. Mnyamata wathu akatumiza fayiloyi pamodzi ndi ntchito yake, seva, kompyuta imene webusayitiyo izikhalapo, idzatenga ndendende zimene iye anayesa pa laputopu yake. Akaisiya, seva idzatenga zimene zilipo tsikulo, ndipo padzabuka mkangano wodziwika m'maofesi onse a makompyuta, wina akulumbira kuti kwa iye zikugwira, wina akumuonetsa sikirini yoyera mbee.

Dziko linaona kuopsa kwa kudalirana kotereku pa 22 Malichi 2016. Wolemba mapulogalamu wina, Azer Koçulu, anali ndi phukusi lotchedwa kik, ndipo kampani ya Kik ya ku Canada inafuna dzinalo. A npm atapereka dzinalo kwa kampani, iye anakwiya n'kuchotsa maphukusi ake onse, oposa 250. Limodzi mwa iwo linali left-pad, la mizere 11 yokha, limene ntchito yake ndi kuwonjezera mipata kapena maziro kumanzere kwa mawu, monga kusandutsa nambala ya belo 7 kukhala 007. Kanthu koti mwana wa chaka choyamba ku koleji angalembe asanamalize kumwa tiyi. Koma Babel, chida chimene mawebusayiti osawerengeka amamangira, chinkadalira kanthuko kudzera mwa maphukusi ena, choncho ntchito zambirimbiri padziko lonse zinakana kumangika. Patapita maola ochepa a npm anabwezeretsa phukusilo popanda chilolezo cha mwini wake, kenako anakhwimitsa malamulo a kachotsedwe ka maphukusi.

Munthu akamva zotere angaganize kuti nzeru ndi kusakhudza chilichonse. Webusayiti ikugwira ntchito, lock file ilipo, ingoisiyani. Maganizo amenewa ndi ofala kwambiri kuno, ndipo ndi amene ndikufuna kulimbana nawo.

Phukusi silichita dzimbiri ngati chitsulo, koma limakalamba mwa njira ina. Tsiku lililonse pali anthu amene akufufuza mabowo m'maphukusi otchuka, ena kuti awatseke, ena kuti alowerepo. Bowo likapezeka, mwini phukusi amatulutsa nambala yatsopano n'kulengeza poyera kuti yakale inali ndi vuto lakutilakuti. Kulengezako kumafika kwa onse, akuba omwe. Kuyambira tsiku limenelo, amene akugwiritsabe ntchito yakale ali ngati munthu amene loko wa nyumba yake walengezedwa pa wailesi kuti amatseguka ndi msomali. Akubawo sachita kusankha nyumba. Ali ndi mapulogalamu amene amayendayenda pa intaneti usiku ndi usana akugwedeza chitseko chilichonse, ndipo mapulogalamuwo sadziwa kusiyanitsa banki ya ku New York ndi gulu la alimi la ku Chamama.

Kampani ya Equifax ya ku America, yosunga mbiri ya ngongole za anthu, inkagwiritsa ntchito phukusi lotchedwa Apache Struts. Kumayambiriro kwa Malichi 2017 eni phukusilo analengeza bowo ndi kutulutsa chotsekera chake. Equifax sinaike pa makina ena amene ankafunika. Pakati pa Meyi akuba analowa, ndipo anakhalamo mpaka kumapeto kwa Julayi, akukoka mayina, masiku obadwa ndi manambala a anthu pafupifupi 147 miliyoni, kuchulukitsa ka 8 chiwerengero cha Amalawi onse pa kalembera wa 2018. Chotsekera chinalipo kwa miyezi iwiri akuba asanafike.

Nkhani ya Log4j inafika pafupi ndi ife. Limeneli ndi phukusi la chiyankhulo cha Java longolemba zochitika za pulogalamu, ngati mlonda wolemba m'buku amene walowa ndi amene watuluka. Mu Disembala 2021 zinadziwika kuti munthu akhoza kulitumizira mawu okonzedwa mwapadera, ilo n'kumutsegulira seva yonse. Chowawa chinali chakuti mabungwe ambiri sankadziwa n'komwe kuti ali nalo, poti linalowa litabisala m'kati mwa maphukusi ena. DHIS2, pulogalamu ya ku yunivesite ya Oslo imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira ziwerengero za zipatala m'maboma onse, Kasungu yemwe, ndi ya Java, ndipo oipanga anatulutsa chenjezo ndi zokonza m'masiku omwewo. Chotsekera choyamba cha Log4j, 2.15.0, chinapezeka chosakwanira, n'kubwera 2.16.0, kenako 2.17.0, zonse m'mwezi umodzi. Amene ankadziwa zimene zili mu makina awo anathamanga nazo. Amene sankadziwa anayamba ndi kufufuza.

Ndiye kodi tizingolandira chilichonse chatsopano? Apanso ayi, ndipo mlimi wa fodya amvetsa msanga chifukwa chake. Ku Chinkhoma, ku Kanengo, ku Limbe ndi ku Mzuzu, wogula sakhulupirira belo chifukwa choti chiguduli chake n'chatsopano. Amatsegula, n'kusolola fodya m'kati. Amadziwa kuti pali ena amene amayala tsamba labwino pamwamba n'kubisa loipa pakati, ndiponso kuti m'belo mumapezeka pulasitiki, zingwe, nthenga ngakhale miyala. Belo lotere limabwezedwa. Maphukusi nawo amabisidwa zinthu pakati.

Mu 2018 Dominic Tarr, mwini phukusi lotchuka la event-stream, anali atatopa kulisamalira ulere. Munthu wina wosadziwika atadzipereka kuthandiza, Tarr anamupatsa makiyi. Mlendoyo anawonjezera phukusi laling'ono m'kati, lokhala ndi malangizo obisika obera ndalama za Bitcoin kwa ogwiritsa ntchito chikwama cha Copay. Panapita milungu anthu akulitenga osadziwa. Nkhani ya xz, chida chopanikiza mafayilo chimene chili mu pafupifupi makompyuta onse a Linux, ndi yoziziritsa nkhongono kwambiri. Munthu wodzitcha Jia Tan anatha zaka zoposa ziwiri akuthandiza mwaulemu mwini chidacho, Lasse Collin, amene ankagwira ntchitoyi yekha ndipo anali atalema nayo, mpaka anapatsidwa ulamuliro. Mu 2024 anabisa khomo lachinsinsi mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1. Chimene chinapulumutsa anthu ndi katswiri wina wa ku Microsoft, Andres Freund, amene anaona kuti kulowa mu makina ake kukuchedwa ndi theka la sekondi, ndipo sanagone nazo mpaka anapeza gwero. Analengeza pa 29 Malichi, chinthucho chisanafalikire ku maseva ambiri.

M'nkhani ziwirizi ine ndimaonamo chinthu chimodzi chomvetsa chisoni. Makampani olemera kwambiri padziko amamanga chuma chawo pa ntchito ya munthu mmodzi wotopa amene salipidwa kanthu. Ife a m'dera la matenanti sitifunika kuchita kumasuliridwa zimenezi.

Akuluakulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Mwini phukusi akhoza kulikonza, kapitawo akhoza kulibweretsa, koma kutsegula ndi kuona za m'kati ndi udindo wa amene dzina lake lili pa webusayitiyo. Ndipo kachitidwe kake si kovuta. Wodziwa ntchito sakonza pa seva imene anthu akugwiritsa ntchito. Amatsegula nthambi yapadera mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zonse zimene zasinthidwa, n'kufunsa kapitawo kuti ndi maphukusi ati atsalira. Ku npm lamulo lake ndi npm outdated, ndipo limaonetsa nambala imene uli nayo pambali pa yatsopano. Aja ongotseka timabowo amatha kuwakweza pamodzi. Aja okweza nambala yoyamba amawatenga limodzilimodzi, atawerenga kaye zimene mwini wake walemba kuti zasintha, chifukwa ukakweza 10 nthawi imodzi zinthu n'kusweka sudziwa kuti wolakwa ndi uti. Akatero amayendetsa mayeso, timapulogalamu tating'ono tofunsa ngati mlembi akuthabe kulowa, ngati ngongole ya feteleza ikuwerengedwabe molondola, ngati uthenga ukupitabe pa foni. Zikayenda, amasunga lock file yatsopano, ndipo pa seva amagwiritsa ntchito npm ci, lamulo limene limatenga zolembedwa m'kaundula basi, osawonjezera nzeru zake. Zikakanika amabwerera pomwe anali, popeza Git yasunga zakale.

Pali zida zothandiza kulondera. Lamulo la npm audit limafanizira maphukusi ako ndi mndandanda wa mabowo odziwika, ndipo Dependabot ya GitHub imakutumizira yokha pempho lokweza phukusi likatsalira. Ndichenjezepo za npm audit: nthawi zambiri imakuwa mopitirira, n'kuonetsa machenjezo ofiira pa zida zimene zimangogwira pa laputopu ya womanga, zosafika n'komwe kwa anthu. Wophunzira akaona kufiirako amathamangira kulemba npm audit fix --force, kumene kuli kuuza kapitawo kuti agwetse makoma onse bola kufiira kuchoke. Mawebusayiti ambiri abwinobwino asweka ndi lamulo limeneli. Chenjezo lililonse liyenera kuwerengedwa, munthu n'kudzifunsa ngati bowolo lili pa khomo limene mlendo angafikepo.

Kapitawo mwini wake amakalambanso, pamodzi ndi nthaka imene waimapo. Node.js 18 inatuluka mu Epulo 2022 ndipo inasiya kusamalidwa mu Epulo 2025. Python 2 inatsazikidwa pa 1 Januwale 2020, patapita zaka zambiri anthu akuchenjezedwa, komabe tsikulo linapeza mapulogalamu ochuluka asanasamuke. Nthaka ikasiyidwa, eni maphukusi nawo amasiya kuilimira, ndipo tsiku lina umapeza kuti chotsekera chimene ukuchifuna mwamsanga sichilowa pa Node yako yakale. Kuti ukweze phukusi limodzi uyenera kukweza Node, kuti ukweze Node uyenera kukweza maphukusi ena 30, ndipo ntchito imene ikanatenga ola limodzi mwezi uliwonse yasanduka ya milungu itatu. Aliyense amene anasiyapo munda osapalira mu Januwale akudziwa mmene udzu umabwezera.

Kuno kwathu pali zolemetsa zina zimene mabuku olembedwa ku Ulaya satchula. Foda ya node_modules, momwe maphukusi amatsikira, imatha kulemera mamegabayiti mazana angapo, ndipo kwa mnyamata wogula bandulo ya TNM kapena Airtel ndi ndalama za m'thumba mwake, kutsitsa kulikonse ndi ndiwo za tsiku limenelo. Magetsi akazima kapena netiweki ikaduka pakati pa kutsitsa, fodayo imatsala yopereweza, n'kuyamba kuonetsa zolakwika zosamveka. Mankhwala ake ndi kuifufuta n'kuyambiranso kuchokera ku lock file. Mwamwayi npm imasunga mu kompyuta zimene inatsitsa kale, choncho ulendo wachiwiri sudya bandulo ngati woyamba. Pnpm, kapitawo wina wa JavaScript, amasunga phukusi lililonse kamodzi kokha n'kuligawira ntchito zonse za mu kompyutamo, ndipo kwa munthu wa laputopu yodzaza ndi bandulo yochepa ndi woyenera kumuyesa.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo kuyambira pamenepo webusayiti ya gulu lathu lija ili pa ntchito tsiku lililonse, alimi akudikira kumva za mabelo awo. Imeneyo si nthawi yokweza nambala yoyamba ya chilichonse. Ntchito zikuluzikulu zichitike msika utatsekedwa, pamene anthu ali kalikiliki ndi nazale ndipo makina akupuma, monga momwe chigafa amachikonzera fodya asanakhwime. Pa nyengo ya msika zololedwa ndi zotsekera mabowo oopsa zokha, zitayesedwa kaye pambali, ndipo osati Lachisanu madzulo.

Vuto lalikulu pa zonsezi silili mu kompyuta. Lili pa mgwirizano wa ntchito. Mabungwe ambiri, masukulu, mipingo ndi magulu a alimi amagula webusayiti ngati akugula tebulo kwa kalipentala: alipira kamodzi, atenga, nkhani yatha. Ndalama za pulojekiti zikatha, womanga amapita ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ndipo webusayiti imatsala ikuyenda yokha zaka zitatu, zinayi, ili ndi mayina a anthu, manambala a ziphaso zawo ndi ngongole zawo m'kati. Palibe amene analakwa mwadala. Kungoti palibe amene anauzidwa kuti chinthuchi chimafuna kupaliridwa. Komatu kuyambira 2024 Malawi ali ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act, loyang'aniridwa ndi MACRA, ndipo limaika udindo woteteza mayinawo pa bungwe limene lawasonkhanitsa.

Wapampando wa gulu safunika kudziwa JavaScript kuti adziteteze. Asanasayine, afunse womangayo kuti maphukusi azidzawakweza ndani, kangati pa chaka, pa mtengo wanji, ndipo yankho lilembedwe m'pangano pamodzi ndi ndalama zake mu bajeti ya chaka chilichonse. Afunsenso kuti ntchito yonse, package.json ndi lock file zomwe, isungidwe mu akaunti ya GitHub ya gululo osati ya womanga, pamodzi ndi kapepala konena nambala ya Node kapena PHP imene anamangira ndi njira yoyendetsera mayeso. Womanga woyamba akadzachoka, wobwera pambuyo pake adzatsegula kaundulayo, n'kulemba npm outdated, ndipo m'mphindi zochepa adzadziwa pamene mnzake anasiyira.